Nyundo ya ku Paris ndi njinga ya malume

Sabata ziwiri zapitazo ndinalandira uthenga wochokera kumudzi kwathu ku Phalombe, m'tsinde mwa phiri la Michesi, woti ndipiteko msanga. Ndinayesa ndi matenda. Nditafika ndinapeza azakhali anga, akazi a malemu malume, ali gwa pakhonde akupeta nandolo. Nkhani yake inali ya chithunzi. Ati kunabwera mnyamata wina wa m'tauni, wovala bwino, akuyenda khomo ndi khomo kufunsa zithunzi zakale zija zakuda ndi zoyera, ndipo ataona cha malume anatchula K40,000 pomwepo. Anati adzabweranso kutha kwa mwezi.

"Ndiye ndimati mundiuze inu ophunziranu," anatero azakhali. "Kapepala kameneka kali ndi chiyani choti munthu mpaka kutulutsira ndalama?"

Chithunzicho n'chaching'ono, chokwana m'chikhatho. Anajambulitsa ku Limbe dziko lino lisanalandire ufulu, malume akugwira ntchito ku fakitale ya fodya. Aima pamsewu atagwira njinga, malaya oyera opisira, buluku lalifupi, sokosi mpaka m'maondo. Kumbuyo kwawo kuli khonde la sitolo ya mmwenye, ndipo pakhondepo telala waweramira makina ake, sakudziwa n'komwe kuti akujambulidwa. Chakumanja mayi wina wosenza beseni akutuluka m'chithunzimo, theka la thupi lake lazilala chifukwa amayenda mwachangu. Kuseri kwa pepalalo kulibe kanthu: dzina ayi, chaka ayi, chidindo ayi.

Malume anali ndi zithunzi zambiri m'bokosi lawo lachitsulo. Zonse zinapita ndi Napolo pa 10 March 1991, tsiku lomwe madzi, matope ndi miyala zinatsika m'Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Ichi chinapulumuka chifukwa chinali m'buku la nyimbo lomwe mwana wawo wamkazi anapita nalo ku Ndirande.

Kuti ndiyankhe funso la azakhali, awerengi, mundilole ndiyambire kutali, ku misika komwe mapepala otere amadulidwa mtengo.

Mawu oti okushoni sitichita kuwamasulira kuno. Kuyambira 1938 fodya wa dziko lino wakhala akugulitsidwa mwa njira imeneyi ku Limbe, ngakhale masiku ano wambiri amapita pa kontirakiti. Mlimi wa ku Migowi kapena ku Chiringa amadziwa bwino kuti amene anafesa nazale, kuokera, kuthyola ndi kumanga belo, si amene amatchula mtengo. Iye amangoima chapatali, ogula n'kumayenda pamzere wa mabelo akukodolana. Ku London, Paris ndi New York zithunzi nazo zimagulitsidwa chimodzimodzi, kungoti kumeneko kuli mipando yawofuwofu ndi kanyundo kogogodera patebulo.

Mitengo yake ndi yozunguza mutu. M'mwezi wa May 2022 chithunzi cha Man Ray chotchedwa Le Violon d'Ingres, cha mu 1924, chinagulidwa madola 12.4 miliyoni ku kampani ya Christie's ku New York. Chaka chomwecho mu November, chithunzi cha Edward Steichen cha nyumba ya Flatiron ya mu mzinda womwewo, chojambulidwa mu 1904, chinapita pa madola 11.8 miliyoni. M'makwacha werengerani nokha, ine masamu ake andikanika. Koma izi n'zakale kwambiri ndipo n'zosowa. Zomwe zikufanana msinkhu ndi cha malume ndi za m'misewu ya m'mizinda za m'ma 1950 ndi 1960, ndipo pa zimenezi pali ziwiri zomwe ndikufuna tiziyang'ane bwino.

Choyamba ndi cha Robert Doisneau, cha mu 1950. Mnyamata ndi mtsikana akupsompsonana pakati pa chigulu cha anthu mu Paris, kumbuyo kukuoneka nyumba ya khonsolo ya mzindawo mwachimbuuzi. Chinatuluka m'magazini ya Life, kenako chinaiwalika, mpaka m'ma 1980 pomwe anayamba kuchisindikiza pa mapepala akuluakulu opachika pakhoma, n'kufalikira dziko lonse. Anthu ankachikonda chifukwa ankati wojambulayo anangowapezerera awiriwo chikondi chitawakwana. Ndiye kunatulukira banja lina lomwe linati anthuwo ndi iwo, n'kukasuma. Pamlandupo, mu 1993, zinadziwika kuti Doisneau anachita kuwapempha awiriwo kuti apsompsonane, ndipo anali ophunzira zisudzo, Françoise Bornet ndi Jacques Carteaud. Naye Bornet anafuna gawo lake la ndalama koma khoti linakana.

Nkhani sinathere pomwepo. Doisneau anali atamupatsa mtsikanayo chithunzi chimodzi masiku omwewo a 1950, chokhala ndi chidindo chake kuseri. Mayiyo anachisunga zaka 55. Mu April 2005 anapita nacho ku okushoni ya Artcurial ku Paris. Akatswiri ankati chikakwera chifika mayuro 20,000. Nyundo inagwa pa mayuro 155,000.

Taonani bwino apa. Chithunzi chomwechi chinali kale pakhoma m'zipinda za ana asukulu miyandamiyanda, chogulidwa pa mtengo wa chakudya chamasana. Choncho amene anapereka mayuro 155,000 sankagula zooneka m'chithunzimo ayi. Ankagula pepala lenilenilo: lotsukidwa nthawi yomwe chinajambulidwa, lodindidwa ndi mwini wake, lodutsa m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, komanso lokhala ndi mlandu kumbuyo kwake woti n'kumasimbira alendo. Pamsika umenewu zinthu zimayenda motero. Chithunzi chotsukidwa chaka chomwe chinajambulidwa chimaposa kutali china chotsukidwa kuchokera ku negetivu yomweyo patapita zaka 30, ngakhale chachiwiricho chitakhala chowala bwino. Ogula amatembenuza pepala kuona kuseri asanayang'ane kumaso, monga mmene ogula fodya amayambira kuwerenga tikiti ya pabelo.

Ine ndinene maganizo anga mosabisa: chithunzi cha Doisneau n'chokongola koma n'chopepuka. Ukachiona kamodzi wachimaliza. Chimakuuza kuti ku Paris kuli chikondi, zomwe ofuna alendo odzaona malo amanena kale. Sindikuchinyoza chifukwa choti anachita kukonza, poti zithunzi zambiri zabwino n'zokonza. Vuto lake n'loti anthu ena onse m'chithunzimo angokhala ngati makatani. Palibe amene ali ndi ulendo wakewake.

Chachiwiri ndi cha Robert Frank, mbadwa ya ku Switzerland, chomwe anajambula ku New Orleans mu 1955. Ndi mawindo a basi yoyenda panjanji, atandandalika ngati mafelemu. Kutsogolo kuli bambo wachizungu, kenako mayi wachizungu wokwinya nkhope, kenako ana awiri achizungu, ndipo kumbuyo bambo wakuda ndi mayi wakuda. Bambo wakudayo wakoleka mkono pawindo, maso ake ali pa iwe amene ukuyang'ana. Frank sanalembe mawu aliwonse odzudzula tsankho. Mipando ya basiyo ndi yomwe inalemba. Patangopita milungu yochepa, pa 1 December 1955, Rosa Parks anakana kunyamuka pampando m'basi ku Montgomery. Chithunzichi chinakhala pachikuto cha buku lake, The Americans, litatuluka ku America mu 1959, ndipo mu 2007 pepala limodzi la chithunzichi linadutsa madola 600,000 ku Christie's. Apa ndiye ndingati msika unalasa. Koma unalasa mochedwa, chifukwa bukulo litangotuluka olemba ambiri a m'magazini a zithunzi analinyoza kuti ndi la zithunzi zakuda bii, zopendekera, za munthu wodana ndi America.

Msika suona msanga, ndipo nthawi zina suona n'komwe mpaka mwini wake atafa. Vivian Maier anali mlezi wa ana ku Chicago, ankayenda ndi kamera m'misewu zaka zambirimbiri osaonetsa munthu. Atakalamba analephera kulipira lendi ya chipinda chosungiramo katundu, ndipo mu 2007 katunduyo anagulitsidwa pa okushoni ya wamba. Mnyamata wina, John Maloof, anagula bokosi la manegetivu ndi madola pafupifupi 400. Mayiyo anamwalira mu 2009 ali wosauka, dzina lake lisanamveke. Lero zithunzi zake zili m'mabuku ndi m'nyumba zoonetsera zaluso m'maiko ambiri. Nditamva za mnyamata wa K40,000 uja, nkhani imeneyi ndi yomwe inayamba kundibwerera.

Kuno ku Africa nkhani yodziwika ndi ya Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Anatsegula situdiyo yake mu 1948, ndipo anthu a mu mzindawo ankabwera atatchena kudzajambulitsa, ena atagwira wailesi, ena atatsamira njinga yamoto, zinthu zomwe kawirikawiri zinali za pasitudiyo pomwepo. Ankalandira kachithunzi kakang'ono n'kupita nako kwawo. Mu 1991 zina mwa zithunzizi zinaonetsedwa ku New York popanda dzina la wojambula. Mfalansa wina, André Magnin, wotumidwa ndi mponda matiki Jean Pigozzi, anapita ku Bamako kukafufuza, ndipo Malick Sidibé, wojambula mnzake, ndi amene anazizindikira n'kumulozera kwa Keïta. Mwayi wake unali woti mkuluyo anasunga manegetivu ake zikwizikwi mosamala. Anazitsukanso ku Ulaya, zikuluzikulu ngati chitseko, ndipo pofika 1997 zinali ku Gagosian ku New York pa mitengo ya madola zikwi zingapo chimodzi. Atamwalira mu 2001 panabuka mkangano waukulu wa amene ali ndi ulamuliro pa manegetivuwo.

Funso lomwe limandivuta pa Keïta ndi ili: chithunzi chenicheni ndi chiti? Kaja kakang'ono komwe mayi wa ku Bamako analipira yekha, kuti akatumize kwa bwenzi lake, kapena chachikulu chija chopachikidwa m'nyumba ya munthu yemwe sadziwa dzina la mayiyo ndipo alibe nalo ntchito? Zazikuluzo n'zokongola zedi, nsalu zake zimachita kuvina, sindingakane. Koma pokula zinasintha ntchito. Mayi uja analowa m'situdiyo ngati kasitomala, pano wasanduka katundu.

Wina ndi Ernest Cole wa ku South Africa, ndipo ameneyu akutikhudza ife mwachindunji. M'ma 1960 ankalowa m'makomboni a migodi ya ku Joni atabisa kamera m'kathumba ka chakudya. Chithunzi chake chodziwika kwambiri ndi cha mzere wa amuna ali maliseche, manja m'mwamba, nkhope kukhoma, akudikira kupimidwa ndi dokotala wa kampani. Anathawa m'dzikomo mu 1966, buku lake la House of Bondage linatuluka mu 1967 ndipo boma la tsankho linaliletsa. Anafera ku New York mu February 1990, patangopita masiku ochepa Mandela atatuluka m'ndende, ali mu umphawi. Mu 2017 manegetivu ake pafupifupi 60,000 anapezeka m'chipinda chotetezedwa cha banki ina ku Stockholm, ku Sweden.

Zaka zomwe Cole ankajambula, amuna a dziko lino zikwizikwi ankapita ku migodi imeneyo kudzera ku Wenela, ndipo pofika kumayambiriro a m'ma 1970 anaposa 100,000, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown ya pa 4 April 1974, yomwe inapha Amalawi 74, itachititsa Kamuzu kuimitsa ulendowo. Ndikayang'ana misana ija ya pamzere, ndimaona agogo a m'mudzi mwathu omwe ankatisimbira za kupimidwa kumeneko akuseka, kuseka kobisa manyazi. Mwa zithunzi zonse zomwe ndatchula, ichi ndi chomwe ndimachiika pamwamba, ndipo sindifuna kudziwa kuti nyundo ingagwe pa zingati. Ndani angachipachike pabalaza, pamwamba pa tebulo lodyera? Msika umakonda zomwe zingakhale bwino pakhoma, n'chifukwa chake kupsompsonana kumayenda malonda kuposa kuvulidwa.

Nanga kwathu kuno? Tisanamizane kuti kujambula n'kwachilendo. Mungo Murray Chisuse, yemwe ankayang'anira ntchito yosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, anali kale ndi kamera nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo zina mwa zithunzi zomwe timamudziwira John Chilembwe ndi banja lake ndi ntchito ya manja ake. Katswiri wa mbiri yakale John McCracken analemba za iye m'magazini ya Society of Malawi mu 2008. Chisuse timamudziwa chifukwa dzina lake linatsala pa ntchito yake. Koma pambuyo pake panabwera gulu lalikulu la ojambula a m'misewu ya Limbe, Blantyre ndi Zomba, oyenda ndi kamera pakhosi kapena oimika kansalu kuseri kwa msika, omwe anajambula maukwati, ma mesenjala, matimu a mpira, ndi matchona obwera ndi masutikesi. Amenewa ndi amene anaona Blantyre ndi Limbe zikuphatikizidwa mu 1956, anaona anthu akumangidwa mu March 1959. Harold Macmillan atafika ku Ryall's Hotel mu January 1960, chipwirikiti cha panja pa hoteloyo chinalembedwa ndi kujambulidwa ndi atolankhani akunja, ndipo nkhani yake inamveka ku London. Ojambula athu a m'makwalala ntchito yawo inathera m'mabokosi achitsulo ndi m'mabuku a nyimbo.

Ndipo mabokosiwo akhala ndi adani ambiri. Chiswe, chinyezi, kusamukasamuka. Kenako mantha: pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu 1964, m'nyumba zambiri munthu ankayang'ana kawiri chithunzi cha gulu, kuopa kuti mwina mwaima wina amene tsopano akutchedwa chigawenga. Ndikukumbuka ndili mwana ndikuona chithunzi cha ukwati chodulidwa ndi lumo mbali imodzi, phewa la munthu litatsalira, ndipo nditafunsa anandiuza kuti ndikatunge madzi. Kwathu ku Phalombe mdani wamkulu ndi madzi. Zomwe Napolo wa 1991 anasiya, namondwe wa Freddy mu March 2023 anadzakokolola, makamaka cha ku Nkhulambe. Tikamawerenga zotayika timawerenga miyoyo, nyumba, ziweto ndi minda, ndipo n'zoyenera. Zithunzi palibe amaziwerenga.

Malo osungira alipo. Ku Zomba kuli National Archives, ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi m'nyumba yakale ya Mandala, komanso nyumba ya zinthu zakale ya ku Chichiri. Koma zambiri za nthawi ya atsamunda zomwe zinasungidwa m'malo otere zinajambulidwa ndi boma, amishoni ndi eni minda, ndipo munthu wakuda amaonekamo atanyamula katundu kapena ali pamzere. Momwe iye ankafunira kuoneka, atavala malaya ake a Lamulungu, zili m'midzi ndi m'makomboni.

N'chifukwa chake sindikufuna kumunyoza kwambiri mnyamata wa K40,000 uja. Iye waona mtengo pomwe ife eni ake tinkangoona kapepala. Mwina bwana wake adzachisunga bwino kuposa buku la nyimbo. Chomwe ndikukana ndi malonda a mumdima, oti wogula akudziwa msika wogulitsa sakuudziwa, ndipo chithunzi chikangochoka pakhonde chimataya dzina la mwini wake n'kukakhala "mwamuna wosadziwika ndi njinga, Nyasaland". Ku France kuli lamulo, kuyambira 1920, loti waluso kapena ana ake azilandira kagawo ntchito yake ikagulitsidwanso pa okushoni. Koma lamulo lotere limafuna dzina. Wopanda dzina alibe choti alandire, ndipo wojambulidwayo, monga anaonera Françoise Bornet kukhoti, salandira kanthu pokhapokha pepala lili m'manja mwake.

Tsono chithunzi cha malume n'chabwino kapena ayi? Ndachiyang'ana masiku angapo ndi diso lomwe ndayang'anira cha Frank, osati la mphwake wa munthu. Wojambulayo sanali katswiri wa kuwala: malaya oyera apsa, nkhope ya malume yada mbali imodzi, ndipo msewu wapendekeka pang'ono. Akanakhala kuti anangojambula malume ndi njinga basi, chikanakhala cha banja lathu lokha. Chomwe chachikweza ndi anthu awiri aja omwe sanaitanidwe. Telala ali pakhonde la sitolo yomwe si yake, pamalo pomwe munthu wakuda waluso ankafika n'kulekezera masiku amenewo. Mayi wa beseni alibe nthawi yoima. Pakati pawo pali mnyamata wochokera kuseri kwa Michesi, wayimirira chilili ngati mzinda wonse ndi wake. Anthu atatu, maulendo atatu, ndipo Limbe yense wa nthawi imeneyo ali pomwepo. Kwa ine chikuposa cha Doisneau, ngakhale ndikudziwa kuti ku Artcurial sangachilole n'kulowa pakhomo, poti kuseri kwake n'koyera.

Ndinawauza azakhali zonsezi mwachidule, mitengo ndi mayina omwe. Anamvetsera akupeta.

"Ndiye mukuti mzimayi wa ku Paris uja anadikira zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi zisanu, azakhali."

"Ine ndadikira zoposa pamenepo. Ndalama yakeyo ndi thumba la fetereza lomwe silikwana. Akabwera mudzamuuze kuti ajambule ndi foni yakeyo, pepalali alisiye."

Tinagwirizana kuti ndipite nacho ku Blantyre akachikope pa makina, makope angapo agawidwe kwa ana, ndipo chenichenicho chibwerere. Koma ndisananyamuke ndinatenga pensulo, chifukwa inki imadya pepala, kuti tilembe kuseri zomwe akukumbuka. Ananditchulira dzina lonse la malume, mudzi, mfumu, fakitale yomwe ankagwira, ndi kuti chinajambulidwa chaka chomwe anadzawafunsira mbeta. Wojambulayo ankangomutchula dzina lachipongwe, ndipo ndinalemba lomwelo. Nditafunsa za njinga, kuti inali ya mtundu wanji ndipo inathera kuti, azakhali anaika lichero pansi n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Njinga yake iti? Malume anuwo nthawi imeneyo analibe ngakhale pampu. Inali ya wojambulayo, ankabwereketsa. Ine ndinaona chithunzi n'kuvomera ukwati, kufika ku Limbe n'kupeza munthu akuyenda wapansi."

Ndinagwira pensulo kuti ndilembe.

"Iyayi mwananga, zimenezo musalembe pamenepo. Kalembeni kunyuzi kwanuko."